Mwendo Wachitatu wa Pulagi

1. Njuchi m'sipika

Kompyuta ya kwawo kwa Makutu inayamba misala pa nthawi imene mtsikanayo ankaifunitsitsa.

Makutu anali mu Folomu 3. Dzinali anamupatsa ndi anzake a kusukulu chifukwa ankamva zimene ena samva. Mpopi ukamadontha kuseri kwa kalasi, woyamba kudandaula anali iye. Munthu mmodzi akaphonya mawu pakati pa kwaya yonse, Makutu ankatembenuka n'kumuyang'ana.

Chipinda chochezera cha kwawo chinalinso malo a ntchito. Pafupi ndi zenera panali tebulo la abambo ake, amene ankalembera anthu zinthu pa kompyuta n'kuzisindikiza pa pulinta. Pakona panali makina osokera a amayi ake, oyendera magetsi. Pashelefu panali ampu yakale yachitsulo, yokuzira mawu, ndi masipika awiri aakulu. Ampuyo abambo anaigula asanakwatire, ndipo ankaipukuta okha ndi kansalu kakekake.

Tsopano zonsezi zinali zitasokonekera. Masipika ankang'ung'udza ngati muli njuchi, ngakhale popanda nyimbo. Kamuvi ka mausi kankathawa kokha pa sikilini. Pulinta inkaima pakati pa pepala, kenako n'kulavula mizere yopanda mutu.

Loweruka m'mawa abambo anakwinya pepala lina lowonongeka, n'kumuitana.

"Khala apa," anatero. "Kompyuta iyi ndiye khasu langa. Ndi imene ikukuphunzitsa sukulu, ndi imene yagula sopo wasambira leroyu. Chibwerere iwe ndi nyimbo za anzako pa kafulashi kaja, sinagwirenso ntchito bwino. Kaya ndi mavairasi kaya n'chiyani, ine sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti khasu la munthu saseweretsa. Ndawaimbira amalume ako, akuti adutsa akaweruka. Iwowo ndiye eni ake a magetsi. Mpaka atabwera, usayatse, usazimitse, usakhudze ngakhale waya mmodzi. Wandimva?"

"Koma ababa, aphunzitsi akufuna nyimbo ija Lolemba m'mawa."

"Ikafa kompyutayi, aphunzitsi akowo andigulira ina?"

Abambo ananyamula katoni ya mapepala a mayeso amene anasindikizira sukulu ina yakutali, n'kutuluka.

2. Maso pa wotchi

Nyimbo imene Makutu ankanena inali ya mpikisano. Wailesi ina inapempha masukulu kuti atumize nyimbo zochenjeza za ngozi zapamsewu. Mawu ake analemba ndi Makutu. Woimba anali Nsungwi, mtsikana wamtali wowonda amene mawu ake ankatontholetsa holo yonse. Wokonza zoimbira anali Shasha, mnyamata amene ankathandiza mkulu wake kuika nyimbo m'maphwando. Shasha ankadziwa chilichonse, kapena tinene kuti sankavomera kuti pali chimene sadziwa.

Aphunzitsi atafunsa kumene angajambulire, Makutu anaimika mkono pamaso pa kalasi yonse. "Kwathu kuli zonse," anatero. Aphunzitsiwo anamubwereka maikolofoni ya sukulu, yachitsulo, yolemera ngati mwala.

Anzakewo anafika amayi akumaliza kukolopa. Nsungwi anavula nsapato pakhomo kuti asadetse simenti yonyowayo. Anabwera ndi chikwama chachikulu.

"Ukupita kuti ndi katundu yenseyu?" anafunsa Makutu.

"Azakhali agonekedwa kuchipatala. Amayi akuti ndikwere basi ya masana ndikawathandize ana. Ndibwerako mwina Lachinayi."

Makutu anayang'ana wotchi ya pakhoma. Amalume ankaweruka madzulo.

Amayi anatenga kachikwama kawo. "Ndikupita kukagula ulusi ndi mazipi. Mawu a abambo ako wawamva. Imbani pakamwa pokha. Ndipo umuyang'anire mlongo wakoyu, asatuluke kumsewu."

Mlongo wakeyo anali Chitsirizira, wa zaka zinayi, mwana wosadziwa kukhala pansi. Nthawi imeneyo n'kuti akuyendetsa chivundikiro cha poto ngati chiwongolero cha basi.

Anayesa kujambula pa foni ya Shasha. Atamvetsera, mawu a Nsungwi ankamveka ngati akuimbira m'ndowa. Anayesanso foniyo ataiika patali, kenako pafupi. Zinali chimodzimodzi.

Makutu anapita pageti kukasuzumira kumsewu, n'kubwerera. Anakhala pampando, n'kudzukanso. Anapitanso pageti.

"Ukuyenda ngati nkhuku yofuna kuikira," anatero Shasha. "Kompyuta ili apo. Maikolofoni ili apa. Abambo ako ali kutali. Tikudikira chiyani, mvula?"

"Andiletsa."

"Ndiye Lolemba ukawauze aphunzitsi kuti kwanu kuli zonse, koma n'zoonera ndi maso."

Nsungwi anayang'ana wotchi, kenako chikwama chake.

Makutu anaimirira n'kudina batani la kompyuta.

3. Nzeru za Shasha

Analumikiza maikolofoni ku ampu. Kuchokera ku ampu kupita ku kompyuta kunali kale kachingwe kakang'ono kakuda, konyamula mawu. Nsungwi anaimba ndime yoyamba, ndipo anaimba bwino koposa tsiku lina lililonse.

Atabweza kuti amve, pansi pa mawu okomawo panali njuchi zija. Mmmmmm, osalekeza.

"Sizikumveka kwambiri," anatero Nsungwi.

"Zikumveka," anayankha Makutu. "Akawailesi akamva zimenezi angozimitsa."

Anachepetsa voliyumu, njuchi zinachepa limodzi ndi mawu. Anakweza, zinakwera limodzi. Anagwedeza chingwe, anauzira fumbi m'mabowo a ampu, anazimitsa n'kuyatsanso. Kamuvi ka mausi kanathawira pakona, ndipo Makutu anadina polakwika n'kufufuta ndime yonse.

Anamenya tebulo ndi chikhatho.

"Aise, vuto limeneli n'lachibwana," anatero Shasha. "Ife kumaphwando timathana nalo tisanamwe ndi madzi omwe. Tandizulira pulagi ya ampuyo."

Makutu anaizula. Shasha anailoza ndi chala.

"Ukuona miyendo itatuyi? Iwiri yaifupiyi ndiyo imabweretsa magetsi. Wautaliwu ndi mlendo wosaitanidwa, ntchito yake n'kubweretsa phokoso basi. Tsegula pulagiyo, uchotse waya wobiriwira ndi wachikasu amene wamangidwa pa mwendo umenewu, utsekenso. Kunja palibe angadziwe."

"Nanga anauikiranji ngati ulibe ntchito?" anafunsa Nsungwi.

"Azimayi amaikiranji mabatani pamanja a jekete? N'zokongoletsa."

Makutu anatembenuza pulagiyo m'manja. Panja galimoto inaliza hutala, ndipo Nsungwi anadzidzimuka poganiza kuti ndi basi.

"Wachitapo zimenezi iweyo?" Makutu anafunsa.

"Kambirimbiri. Ndafa?"

Makutu anatsegula dilowa ya abambo ake n'kutenga sikuludilaiva. Anamasula chivundikiro cha pulagi. Mkati munali mawaya atatu. Anamasula wobiriwira uja, n'kuupinda kuti usakhudze kanthu, n'kutsekanso. Kasikulu kanagwa pansi ndipo Chitsirizira ndiye anakatola.

Atayatsa, m'chipindamo munali zii. Njuchi zonse zinali zitathawa.

Shasha anatambasula manja ngati munthu wolandira mphoto. "Ndimayankhula ine."

4. Kachingwe kakuda

Nsungwi anagwira maikolofoni ndi manja awiri. Anaima pa simenti yonyowa ija, wopanda nsapato, maso atatsinzina. Ndime yoyamba inatha bwino. Yachiwiri inatha bwino. Makutu anayamba kumwetulira.

Basi ya Chitsirizira inatulukira kuseri kwa mpando ili pa liwiro. Inadutsa pakati pa shelefu ndi tebulo, ndipo phazi la dalaivala linakola kachingwe kakuda kaja. Kachingweko kanazuka ku kompyuta.

Nsungwi anakuwa. Silinali liwu la nyimbo. Thupi lake linagwedezeka, maikolofoni inauluka n'kumenya khoma, iye n'kugwa chagada pa chikwama chake.

Chitsirizira anathamangira kukatola maikolofoniyo.

"Usakhudze!" Makutu anamukoka malaya mwamphamvu mpaka mwanayo anagwa n'kuyamba kulira. Kenako anadumphira pa ekisitenshoni n'kuthimitsa swichi, n'kuzula pulagi ya ampu.

Nsungwi anakhala tsonga pang'onopang'ono. Anagwira mlomo wake, umene unali utakhudza chitsulo cha maikolofoni. Panali kabala kofiira.

"Magetsi andiluma," anatero motsitsa mawu. "Apita mpaka kuphazi. Dzanjali sindikulimva bwino."

Makutu anagwada pambali pake n'kumugwira phewa.

Shasha anali ataima pafupi ndi chitseko. "Tamvera, Makutu. Bwezeretsa waya uja msanga. Tsegula, manga, tseka. Tizimitse kompyuta. Akafunsa tinena kuti ampuyi ndi yakale, yachita yokha."

"Ndiye mawa abambo aiyatse osadziwa kuti ili ndi vuto?"

"Ukanena zoona akupha. Nane amayi akamva, kumaphwando ndiye kwatha."

Pageti panamveka mawu. Anali amayi, akuseka ndi munthu wina wa mawu aakulu. Anali atakumana ndi amalume pa siteji, chifukwa ntchito yawo inatha msanga tsiku limenelo.

Shasha anakankhira sikuludilaiva kwa Makutu ndi phazi. Makutu anaiyang'ana, koma sanaitole.

5. Mawu a amalume

Amalume anali mlongo wawo wa amayi. Anali munthu wamfupi, wadazi, wovala ovolosi ya buluu, ndipo kulikonse ankayenda ndi chikwama cha zida. Atalowa, kuseka kwawo kunathera pakhomo. Anaona mtsikana pansi, mwana akulira, kompyuta ikuyaka.

"Chachitika n'chiyani muno?" anafunsa amayi.

"Ampuyi ndi yakale," anayamba Shasha.

"Ndine," anatero Makutu. Anatola pulagi n'kuipereka kwa amalume ndi manja awiri. "Ndinayatsa kompyuta ababa atandiletsa. Masipika amalira, ndiye ndachotsa waya wobiriwira m'pulagimu. Nsungwi wagwidwa ndi magetsi."

Amalume sanayang'ane pulagiyo. Anagwada pafupi ndi Nsungwi, n'kumufunsa ngati akupuma bwino, ngati pamtima pakupweteka, ngati anakomoka. Anamuuza kuti afumbate chala chawo.

"Achemwali," anatero kwa amayi, "mutengeni mwanayu mupite naye kuchipatala pompano, ndipo muwaimbire makolo ake. Akuoneka bwino, koma magetsi akadutsa m'thupi amatha kusokoneza mtima munthu akuyenda. Adokotala ndiwo anene kuti ali bwino, osati ife. Za basi aiwale."

Amayi anamuyang'ana Makutu ndi diso laukali. Anabereka Chitsirizira, n'kumugwira Nsungwi padzanja, n'kutuluka. Shasha anafuna kutuluka nawo.

"Iwe mnyamata, tsala," anatero amalume. "Nzeru imeneyi ikununkha kumaphwando. Khalani apo nonse awiri."

Anatsegula pulagi ija n'kuiika patebulo.

"Mphwanga, tandiuza. Ngalande imene ili kuseri kwa nyumba ino, chilimwe chonse imagwira ntchito yanji? Palibe. Imangosunga zinyalala. Munthu wopusa akhoza kuikwirira n'kudzalapo maluwa. Koma tsiku limene mvula idzagwe yamphamvu, madzi adzalowa m'nyumba, chifukwa njira yawo yatsekedwa. Mwendo wachitatuwu ndi ngalande. Waya wake umayenda m'khoma mpaka kukafika pa chitsulo chokhomedwa m'nthaka. Magetsi akatayikira mkati mwa chipangizo n'kufika pa chitsulo chakunja, amathawira mmenemo. Ukauchotsa, magetsiwo sasiya kufuna njira yopita pansi. Amangodikira munthu woti adutsemo.

"Ampu ya alamu angayi yakalamba, ndipo ikutayitsa magetsi pang'ono. Iwe utatseka ngalande, magetsiwo amathawira m'kachingwe kakuda aka, n'kukatsikira ku kompyuta. Moyo wa mnzako unali pa kachingwe konga ulusi wa amayi akowa. Katazuka, njira yotsala inali manja ake, chifuwa chake, ndi mapazi ake pa simenti yonyowa.

"Ndinali ndi mnzanga amene tinaphunzira naye ntchito limodzi. Ankandiposa nzeru, ankandiposa changu. Tsiku lina anakonza makina ochapira kunyumba kwa munthu, waya wobiriwira n'kumuchepera. Anati adzabwera mawa kudzalumikiza. Mawa lakelo wantchito wa m'nyumbamo anagwira makinawo ndi manja onyowa. Anasiya ana awiri. Mnzanga uja mpaka lero sagwiranso waya, amagulitsa makala. Tsoka silinunkha, ana inu. Magetsi alibe fungo, alibe mtundu, ndipo sadziwa kuti uyu ndi mwana wasukulu woimba bwino."

Anatembenukira kwa Shasha. "Iwe wachitapo zimenezi kangati?"

"Kawiri kokha," anayankha Shasha, mawu ali pansi. "Ndinaonera akulu anga."

"Ukawauze akulu akowo kuti ndikufuna kuona zida zawo zisanapite kuphwando lina. Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo."

Misozi inali ikutsika pamasaya a Makutu. Amalume anamupatsa sikuludilaiva.

"Wachita bwino kunena wekha. Ukanabisa, ine ndikanafufuza kolakwika, ndipo wina akanagwidwanso. Koma abambo ako uwauze ndi pakamwa pako, ine sindikunenera. Tsopano pukuta m'maso. Chimene wamasula, manga."

6. Chimodzichimodzi

Makutu anabwezeretsa waya uja amalume akuyang'ana. Iwo anaukoka kuti aone ngati wagwira, kenako anaika ampuyo pambali.

"Iyi ndipita nayo kuti ndikaitsegule. Koma tiyambe taona chimene chimaliritsa masipika, chifukwa phokoso ndi mboni. Iwe unapha mboni m'malo mogwira wakuba. Ampuyi imatenga magetsi kuti?"

Makutu analoza ekisitenshoni yaitali imene inkadutsa m'mbali mwa khoma mpaka kukhitchini.

"Soketi imodzi ndi filiji?"

"Eya. Ya muno inadzaza."

"Nanga kompyuta?"

"Pa soketi ya pansi pa zenera."

Amalume anagwedeza mutu. "Ndiye taona. Ampu ili ndi ngalande yake yochokera kukhitchini. Kompyuta ili ndi yake ya muno. Kachingwe kakuda kalumikiza ziwirizi. Ndiye timagetsi totayikira timangozungulira, kuchoka uku kupita uko, n'kumadutsa m'njira ya mawu. Njuchi zako ndi zimenezo. Mankhwala ake si kudula mwendo. Zinthu zolumikizana zizidyera mbale imodzi."

Anazula chaja ya foni ndi ayironi pa soketi ya pansi pa zenera. Anaikapo ekisitenshoni yawo yabwino, n'kulumikizapo kompyuta ndi ampu pamodzi. Anayeza chitsulo cha ampu ndi kachida kawo, n'kuchenjeza kuti wina asaikhudze. Atayatsa, kung'ung'udza kuja kunali kutachepa kwambiri.

"Kwatha," anatero Shasha.

"Sikunathe," anatero Makutu. "Kudakali pang'ono."

"Makutu akowo ndi chida chabwino kuposa zanga zonse," anatero amalume. "Tasuzumira kuseri kwa tebulo."

Kumeneko kunali chisa cha mawaya. Abambo ankakonda ukhondo, choncho anamanga zingwe zonse pamodzi ndi mphira: za magetsi, za mausi, za pulinta ndi kachingwe ka mawu.

"Alamu anga amanga mbuzi ndi fisi chingwe chimodzi," anaseka amalume. "Chingwe cha magetsi chimakhala ndi mphamvu yozungulira kunja kwake, yosaoneka. Chingwe cha mawu chikagona nacho limodzi, chimatola mphamvu imeneyo. Masula. Za magetsi zidutse uku, zinazo uko. Zikakumana, zingopingasana, zisagone limodzi."

Makutu ndi Shasha anamasula mfundozo. Chingwe cha pulinta anachipeza chitaphwanyidwa ndi mwendo wa tebulo, mkati mukuoneka. Amalume anatulutsa china m'chikwama. Pulinta inasindikiza pepala lonse osaima.

Kenako anamuuza Shasha kuti aponde makina osokera. Makinawo atangoyamba kuyenda, masipika anathetheka ngati mafuta m'chiwaya. Atasiya, kunali bata.

"Tamugwira wina," anatero amalume. "Timakala ta m'mota ya makinawa tatha, ndiye tikuthetheka moto. Ndidzabweretsa tatsopano. Mukuona mmene timachitira? Zimitsa zonse, yatsa chimodzi, mvetsera. Yatsa china, mvetsera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mavairasi a alamu anga sindinawaonebe."

Makutu anatsala pang'ono kuseka. Koma nthawi yomweyo anaimika dzanja.

"Imani kaye. Mwamva?"

"Chiyani?"

"Kakulira kuti tswiii. Kakubwera, kakupita."

Amalume anayandikiza khutu pa sipika. Babu la padenga linachita ngati likufuna kuzima, n'kuwalanso. Pa sikilini kamuvi ka mausi kanadumpha kokha.

"Ameneyu ndiye wakuba wamkulu," anatero amalume. Nkhope yawo inasintha. "Ndipo sali m'chipinda chino."

7. Kanyali kofiira

Foni ya amalume inalira. Anali amayi. Adokotala anali atamuyeza Nsungwi, ndipo mtima wake unali bwino, koma anati akhale kaye pabenchi kuti amuonenso. Makutu anapumira m'mwamba. Amalume anamuuza Shasha kuti atenge chikwama cha Nsungwi apite nacho kuchipatalako, ndipo mnyamatayo anatuluka mosanyinyirika.

"Tsopano tizimitse chilichonse m'nyumba muno," anatero amalume.

Anazimitsa kompyuta, pulinta ndi ampu. Anazula filiji, makina osokera ndi ketulo. Anathimitsa mababu onse. Kenako anatuluka panja pamene panali mita ya magetsi.

"Kanyali kofiira aka kamaphethira magetsi akamagwiritsidwa ntchito," anafotokoza amalume. "Tazimitsa zonse, ndiye kayenera kugona tulo."

Kanyaliko kankaphethira mofulumira ngati diso lolowa fumbi.

"Abambo ako sadandaula kuti magetsi akutha msanga?"

"Amadandaula. Amati ndi ayironi ya amayi."

"Ayironi ili pampando, yozizira. Pali chimene chikudya, ndipo chikudya ngati njovu. Lowa, uyende chipinda chilichonse. Uyang'ane soketi iliyonse, ngakhale ya kuseri kwa kabati. Usakhudze kanthu, ungoona. Ine nditsegula bokosi la mitali."

Makutu analowa. Kuchipinda kwa makolo ake kunalibe kanthu. Kuchipinda kwake kunalibe kanthu. Kunatsala chipinda chakumapeto, cha achimwene ake.

Achimwenewo anali oyamba kubadwa. Analemba mayeso a Folomu 4 chaka chatha koma sanakhoze bwino, ndipo kuyambira pamenepo iwo ndi abambo sankayankhulana kwenikweni. Ankachoka m'mawa, n'kubwera nthawi ya chakudya. Abambo anali atanena kale kuti akadzangolakwitsanso kamodzi, adzaone msana wa njira. Koma kwa Makutu anali achimwene abwino. Ndiwo anamuphunzitsa kukwera njinga, ndiwo ankamuperekeza kusukulu anyamata akamamuvutitsa.

Chitseko chinali chongotsekedwa, chosakiya. Makutu anakankha.

M'chipindamo munali fungo la pulasitiki yopserera. Anayang'ana pakhoma, soketi sinkaoneka. Bedi linali litakankhidwira pamenepo, ndipo pamwamba pake panaunjikidwa zovala. Anagwada n'kusuzumira kunsi.

Soketiyo inali yotsegula, yopanda chivundikiro. Mawaya awiri opyapyala anali atapiringizidwa mkati mwake, opanda pulagi. Khoma lozungulira linali litada ndi utsi. Nsonga ya matiresi imene inagunda mawayawo inali itasanduka yabulauni, ndipo kutentha kwake kunkamveka pankhope.

Anatsatira mawayawo ndi maso. Anakwera kuseri kwa katani, n'kutulukira pa kabowo ka mpweya. Makutu anakwera pampando n'kusuzumira pazenera. Mawayawo anadumpha mpanda, n'kulowa m'kashedi ka malata kuseri kwa nyumba yawo. Pakhomo pa kashediko mnyamata wina wovala magalasi akuda ankawotcherera geti lachitsulo. Moto wabuluu ukathetheka, m'soketi muja munkalira kuti tswiii.

"Tsika pamenepo."

Makutu anatembenuka. Achimwene ake anali ataima pakhomo, manja ali akuda ndi chitsulo. Analowera khomo lakukhitchini. Anatseka chitseko pang'onopang'ono n'kuchitsamira.

"Achimwene, matiresi akupsa."

"Ndikudziwa, ndikonza usiku. Tamvera, mlongo wanga. Kashedi kaja ndi kanga ndi mnzanga. Ndi ntchito yoyamba imene ndaipeza chichokereni kusukulu. Tikamaliza mageti amene tapatsidwa, tikokera magetsi athuathu. Ukanena lero, abambo andithamangitsa, ndipo ulendo uno sindidzabwereranso."

"Nsungwi ali kuchipatala chifukwa cha waya mmodzi amene ndinachotsa ine."

"Ine sindine mwana. Ndikudziwa chimene ndikuchita." Anamugwira dzanja. "Sindinakupemphepo kanthu chibadwire. Ukawauze amalume kuti muno mulibe chilichonse."

Kunsi kwa bedi kunatuluka kautsi kopyapyala, n'kukwera m'mbali mwa khoma.

M'khonde munamveka nsapato zolemera za amalume zikuyandikira. Zinaima pakhomo. Chogwirira chitseko chinatembenuka, koma achimwene anakanikiza ndi msana.

"Mphwanga," anaitana amalume, "chitsekochi chatani? Wapeza chiyani mmenemo?"